Foni yoyimba yokha: ndondomeko yake imamangidwa bwanji?

Phunziro la m'kope lino likuchokera ku Computer Studies, makamaka mutu wa flowchart umene a Fomu 3 ndi Fomu 4 amaona ngati ndi kujambula mabokosi ndi mivi chabe kuti akhoze mayeso a MANEB. Mabokosi ndi miviyo ndi zimene zimayendetsa makina oyimbira anthu foni, ndipo makina otere afika kale m'matumba mwathu. Makolo musadumphe tsambali poganiza kuti ndi la ana okha, chifukwa foni zimene makinawa amayimbira ndi zanu.

Batani limalankhula

Aliyense amene anayimbapo kukampani ya foni anamvapo mawu ojambulidwa omuuza kuti adine 1 ngati akufuna Chichewa, kapena adine nambala ina kuti alankhule ndi munthu. Njira imeneyi imatchedwa IVR. Kumbali inayo kulibe munthu, kuli kompyuta yomwe ikudikira kumva batani lomwe mwadina.

Imamva bwanji? Batani lililonse limatulutsa mamvekedwe awiri nthawi imodzi, ena otsika, ena okwera. Mukadina 1 pamatuluka 697 Hz ndi 1209 Hz. Mukadina 5 pamatuluka 770 Hz ndi 1336 Hz. Mzere uliwonse wopingasa wa mabatani uli ndi kamvekedwe kake, mzere wotsika nawonso kake, choncho palibe mabatani awiri omveka mofanana. Kampani ya Bell ku America inayamba kugulitsa mafoni otere mu 1963. A Physics aone apa kuti phunziro la mafunde a mawu lili ndi ntchito. Ubwino wa njirayi ndi wakuti siifuna intaneti kapena foni yodula. Ka mose wa lero ka agogo kamatha kuyankha makina mofanana ndi foni ya bwana wa ku Blantyre, ndipo munthu wosadziwa kuwerenga amamva uthenga wonse ndi makutu ake.

Zinayamba kale kuno kwathu

Chitsanzo chachikulu m'dziko muno ndi Chipatala Cha Pa Foni. Ganizo lake linachokera pa mpikisano wa maganizo opulumutsa miyoyo ya amayi ndi ana, ndipo Amalawi awiri, Soyapi Mumba ndi Clement Mwazambumba, ndi amene maganizo awo anaphatikizidwa. Bungwe la VillageReach linayambitsa ntchitoyi ku Balaka mu 2011. Pambuyo pake inafalikira m'maboma onse, ndipo Unduna wa Zaumoyo unaitenga kuti uziyendetsa wokha. Nambala yake pa Airtel inali 54747.

Taonani mmene anaimangira. Inali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi anthu enieni odziwa zaumoyo omwe amayankha foni. Mbali yachiwiri ndi makina: mayi woyembekezera akalembetsa, kompyuta inkasunga nthawi imene akuyembekezeka kuchira, ndipo malangizo amene ankalandira, olembedwa kapena a mawu, ankagwirizana ndi sabata imene mimba yake yafika. Wa miyezi itatu sankamva zofanana ndi wa miyezi isanu ndi itatu. Panalibe namwino wokhala ndi kalendala n'kumakumbukira mayi aliyense. Tsiku lomwe linalembedwa ndilo linkadzutsa uthenga. Apa ndi pamene pagona mutu wa phunziroli: chinthu china chikachitika, makina achite chakuti, ndipo akapeza zakuti apatukire uku, akapeza zina apatukire uko. Mndandanda wa masitepe otere ndiwo tikuutcha ndondomeko. Dziwaninso kuti omanga Chipatala Cha Pa Foni sanachotse munthu. Makina anawapatsa ntchito yobwerezabwereza, koma funso la mayi amene akutaya magazi limapita kwa munthu, ndipo munthuyo amamuuza kuti athamangire kuchipatala.

Chitsanzo chachiwiri ndi 321 ya pa Airtel. Bungwe la Human Network International linaiyambitsa ku Madagascar mu 2010 ndipo inafika ku Malawi mu 2014. Pambuyo pake inayamba kuyendetsedwa ndi Viamo. Woyimba amasankha mutu ndi mabatani, kaya ulimi, zaumoyo kapena zina, n'kumatsika nthambi ndi nthambi mpaka kufika pa uthenga wojambulidwa. Vuto la mtengo wa nthambi zotere aliyense amalidziwa: ngati funso lanu silinaganiziridwe ndi amene anajambula mauthengawo, mudzadina mabatani mpaka batire kutha osapeza yankho.

AI ikulowera pati?

Ikulowera pa vuto lomweli. M'malo modina, munthu amangolankhula funso lake. Mkati mwa makinawo muli zigawo zitatu zolumikizana. Choyamba chimamva mawu n'kuwasandutsa malemba. Chachiwiri, chofanana ndi ChatGPT, chimawerenga malembawo n'kukonza yankho. Chachitatu chimasandutsa yankholo kukhala mawu omveka pa foni. Viamo inayesa njira imeneyi ku Zambia mu 2023 pansi pa dzina loti Ask Viamo Anything, pomwe anthu ankafunsa mafunso pa mafoni wamba opanda intaneti. Kuno kwathu, bungwe la Opportunity International linabweretsa Ulangizi mu 2024. Iyi imayenda pa WhatsApp, imayankha m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo mayankho ake amachokera m'mabuku a malangizo a Unduna wa Zaulimi. Inafikanso kwa alimi ena a kuno ku Mulanje amene minda yawo inakokoloka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Popeza alimi ambiri alibe foni za intaneti, pamakhala mlangizi wa m'mudzi wonyamula foni amene amafunsa m'malo mwawo. Apanso munthu sanachoke pakati.

Kuti makina alankhule pa foni n'kovuta kuposa kuti alembe. Anthu akamacheza, mpata wa pakati pa wina kumaliza ndi wina kuyamba umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Zigawo zitatu zija zikatenga masekondi atatu, woyimbiridwa amati "halo, halo" n'kudula poganiza kuti netiweki yathawa. Komanso foni wamba imadutsitsa mawu a pakati pa 300 Hz ndi 3400 Hz okha, ndiye zilembo zina monga s ndi f zimamveka mofanana. Onjezerani phokoso la msika wa Chinakanaka, njinga zamoto ndi mvula pa malata.

Ndiye pali chilankhulo chathu. Google Translate inaika Chichewa mu 2014, koma kumasulira zolembedwa ndi kumva zolankhulidwa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Makina amaphunzira kumva pomvetsera maola ochuluka a mawu ojambulidwa omwe alembedwanso papepala. Chingerezi chili ndi maola otere osawerengeka, Chichewa chili ndi ochepa. Kampani ya Meta itatulutsa mu 2023 makina omva zilankhulo zoposa 1,100, inadalira kwambiri mawu a anthu owerenga mabuku achipembedzo. Munthu wowerenga buku m'chipinda chachete salankhula ngati mayi amene akuyankha foni ali pa mjigo. Ife timati "faifi sauzande", "folo koloko", "Lachisanu pa 12", ndipo m'chiganizo chomwecho timaponyamo liwu la Chilomwe kapena la Chiyao. Mtengo wa mango ndi mtengo wa feteleza zimalembedwa mofanana, kusiyana kuli pa kakwezedwe ka mawu. Ndiye amene angakuuzeni kuti makina ake amamva Chichewa bwinobwino, mupempheni kuti awayese pa agogo anu, osati pa woulutsa nkhani wa pa wailesi.

Tiyeni timange yathu papepala

Tiyerekeze kuti sukulu ikufuna kuitanira makolo 400 kumsonkhano. Makalata opatsira ana ena amafika, ena amagona m'chikwama mpaka teremu kutha. Mphunzitsi mmodzi atati ayimbire aliyense kwa mphindi zitatu, angathe mphindi 1,200, omwe ndi maola 20. Makina angathe kuyimbira anthu ambiri nthawi imodzi. Koma makinawo sadziwa kanthu kupatula zimene tawalembera.

Bokosi loyamba ndi chodzutsa ntchito. Pamsonkhano ndi tsiku: kutatsala masiku asanu, yamba kuyimba. Pa ntchito ina chingakhale chochitika, monga mwana kujomba masiku atatu otsatizana m'kaundula.

Bokosi lachiwiri ndi mndandanda wa anthu, ndipo apa ndi pomwe ntchito zambiri zotere zimafera, ngakhale palibe amene amapatchula. Nambala imodzi yalembedwa 0999 kutsogolo, ina +265 popanda ziro, ina ikusowa nambala imodzi. Makolo ena a kufupi ndi Muloza ali ndi nambala ya ku Mozambique yoyamba ndi +258, yomwe mtengo wake woyimbira ndi wina. Nambala ina ndi ya malume, ina ndi ya mwini golosale amene amangopereka uthenga. Banja lina lili ndi ana atatu pasukulu, ndipo mukapanda kusamala lidzayimbiridwa katatu. Mndandandawu uyenera kukhala ndi dzina, nambala yolembedwa m'njira imodzi, chilankhulo chimene munthuyo amafuna, ubale wake ndi mwana, ndi chizindikiro choti anavomera kuyimbiridwa ndi makina. Amene sanavomere asayimbiridwe.

Bokosi lachitatu ndi nthawi. Wotchola tiyi ku esiteti m'mawa sayankha foni. Mlimi ali kumunda, foni yake mwina ili kotchajitsa. Lachisanu masana anthu ali ku Jumu'ah, ndipo foni yolira pa swala imakwiyitsa mzikiti wonse. Usiku kwambiri foni yochokera kusukulu imadzidzimutsa kholo, limaganiza kuti mwana wachita ngozi. Makina sadziwa ulemu umenewu. Muyenera kuwalembera maola ololedwa ndi oletsedwa.

Tsopano foni yayimbidwa, ndipo mivi iyamba kugawikana. Foni ikhoza kuyankhidwa, kulira osayankhidwa, kukhala yotanganidwa, kukhala yozimitsa, kapena nambalayo kukhala yoti inafa kalekale. Wophunzira waulesi amajambula muvi umodzi wokha, woti "yayankhidwa", ngati kuti anthu onse amakhala atagwira foni kudikira sukulu. Pa yosayankhidwa tingalembe kuti yesanso patapita maola atatu, ukalephera yesanso mawa nthawi ina, ukalephera kachitatu tumiza uthenga wolemba ndipo ika dzinalo pa mndandanda wa mphunzitsi wa kalasi. Malire a katatuwo ndi ofunika. Muvi wobwerera kumbuyo wopanda malire umapangitsa makina kuyimbira munthu mmodzi maulendo makumi asanu, ndipo ndalama za sukulu zimathera pomwepo. Pa nambala yakufa palibe chifukwa choyeseranso: ipite kwa munthu akaikonze.

Ikayankhidwa, mawu oyamba anene zoona: kuti ano ndi makina a sukulu yakuti, osati munthu. Mu 2018 kampani ya Google inaonetsa makina ake a Duplex akuyimba kumalo okonzera tsitsi, akuchita ngakhale tima "mm" ta munthu woganiza, ndipo woyankha sanadziwe kuti akulankhula ndi kompyuta. Anthu anadandaula kwambiri, kampaniyo inalonjeza kuti makinawo azidziulula. Ine ndimaona kuti kholo limene lazindikira pakati pa macheza kuti lakhala likupereka moni waulemu kwa kompyuta silidzakhulupiriranso foni ya sukulu. Kenako makina afunse ngati akulankhula ndi munthu woyenera. Pamsonkhano izi sizivuta, uthengawo angamve aliyense. Koma taganizani uthenga wa ngongole ya fizi kapena wa mwana wojomba ukumvedwa ndi mwini golosale, kapena ndi mwana yemweyo amene watola foni ya mayi ake. Nkhani zotere makina angonena kuti kholo lifike kusukulu kapena liyimbe, zenizenizo akanene munthu.

Uthenga ukhale waufupi, chofunika chikhale koyamba ndipo chibwerezedwe: tsiku, nthawi, malo. Funso likhale limodzi: mubwera? Apa womanga asankhe pakati pa batani ndi mawu. Pa funso la eya kapena ayi, batani ndi lodalirika kuposa AI iliyonse. AI ili ndi ntchito pomwe kholo likufuna kufunsa zake, monga ngati angabwere mlongo wake m'malo mwake. Pamenepo makina apatsidwe tsamba la mfundo zoona za msonkhanowo ndi lamulo loti asayankhe chilichonse chomwe mulibe m'tsambalo. Chifukwa chake n'chakuti makina a mtundu wa ChatGPT amapanga ziganizo poyerekeza liwu loyenera kutsatira, ndipo akasowa yankho amatha kupeka lomveka bwino. Kholo likafunsa kuti fizi ya teremu ya mawa ndi zingati, makina opanda malire akhoza kutchula nambala yomwe komiti sinakambiranepo, ndipo mawa lake ofesi ya ahedi idzadzaza.

N'chifukwa chake pa sitepe iliyonse payenera kukhala khomo lotulukira kwa munthu. Makina akalephera kumva kawiri, asakakamire kachitatu: anene kuti aphunzitsi ayimbanso, ndipo dzinalo lipitedi kwa aphunzitsi. Munthu akatchula matenda, maliro kapena nkhanza, makina asayese kutonthoza kapena kulangiza, apereke kwa munthu nthawi yomweyo. Bokosi lomaliza ndi kulemba zotsatira: ndani wayankha, wati chiyani, ndani akufunika kuyimbiridwa ndi munthu. Popanda bokosi limeneli ntchito yonse yangokhala phokoso.

Amene akufuna kuona ndondomeko yotere pa kompyuta afufuze RapidPro, pulogalamu imene UNICEF inatulutsa mu 2014. Mabokosi ndi mivi yake zimaoneka ngati zomwe mumajambula m'kope.

Masamu pang'ono

Tiyerekeze kuti makina amamva bwino mayankho 9 mwa 10 alionse. Zikumveka bwino ndithu. Koma ngati ndondomeko yanu ili ndi mafunso atatu otsatizana, ndipo cholakwa pa funso lina sichidalira linzake, mwayi woti onse atatu amveke bwino ndi 0.9 × 0.9 × 0.9, zomwe ndi 0.729. Pa makolo 400 aja, pafupifupi 108 akhala ndi yankho limodzi kapena angapo olakwika. Mafunso akakhala asanu, mwayiwo umatsika kufika pa 0.59, ndipo olakwiridwa amakwana pafupifupi 164. Funso lililonse lowonjezera lili ndi mtengo wake. Omanga odziwa ntchito amachepetsa mafunso, ndipo pa yankho lofunika amabwereza zomwe amva kuti munthu atsimikize ndi batani.

Pali masamu enanso a ndalama. Foni yoyimbidwa ndi makina imalipiridwa ndi woyimba, ndipo AI ikakhalapo pamabwera malipiro ena omwe kawirikawiri amakhala a madola. A komiti asanavomere chilichonse afunse mtengo wa mphindi imodzi, achulukitse ndi anthu ndi maulendo oyeseranso, kenako ayerekeze ndi mtengo wa uthenga wolemba kapena chilengezo cha pakamwa. Nthawi zina chilengezo chimapambana, ndipo palibe manyazi pamenepo. Pomwe makina amaposa njira zonse ndi pa uthenga wachangu wopita kwa anthu ambiri. Namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Chenjezo la mawu, m'chilankhulo cha munthu, lofika pa foni mazana mu mphindi zochepa, ndi ntchito imene mphunzitsi mmodzi sangaithe. Komabe liyenera kupita madzi asanafike, chifukwa magetsi ndi nsanja za netiweki zikagwa palibenso choyimba.

Malamulo ndi akuba

Nambala ya foni, dzina la mwana ndi mawu ojambulidwa a kholo ndi zinthu za mwini wake. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kumva: utenge zokhazo zimene ukufunikira, munthu adziwe chifukwa chake, usazigwiritse ntchito ina, ndipo uzisunge mosamala. Mndandanda wa makolo woperekedwa chifukwa cha msonkhano sungabwerekedwe kwa wogulitsa mbewu kapena wofuna mavoti. Ngati makinawo ndi a kampani ya kunja, funsaninso kuti mawu ojambulidwawo akusungidwa kuti ndiponso mpaka liti.

Luso lomweli lili m'manja mwa akuba. Mu Januwale 2024 anthu a ku New Hampshire ku America analandira foni ya mawu ofanana ndi a Joe Biden, amene anali pulezidenti pa nthawiyo, yowauza kuti asakavote pa chisankho chachipulula. Mawuwo anali opangidwa ndi AI. Mwezi wotsatira bungwe loyang'anira zamafoni kumeneko, FCC, linagamula kuti mawu opangidwa ndi AI ali pansi pa lamulo loletsa kuyimbira anthu ndi makina popanda chilolezo chawo. Kuno tinazolowera kale mauthenga oti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina, ndi mafoni onena kuti mwana wadwala mwadzidzidzi kusukulu. Kale wakuba ankadalira kuti kholo lisokonezeke ndi mantha. Tsopano akhoza kutengera mawu a munthu kuchokera pa uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Makolo, foni iliyonse yofuna nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba ndi ya wakuba, kaya mawu ake akufanana ndi a ndani. Foni yofuna ndalama mwachangu idulani, muyimbe nokha pa nambala ya sukulu kapena ya m'bale imene munaisunga kale.

Ntchito ya a Fomu 3 ndi Fomu 4

M'magulu a anthu anayi, jambulani flowchart ya makina odziwitsa makolo kuti sukulu yatsekedwa chifukwa mitsinje yasefukira. Onetsani chodzutsa ntchito ndi amene ali ndi mphamvu yochidzutsa, mivi yonse isanu ya foni yoyimbidwa, malire a kuyeseranso, ndi malo awiri osachepera pomwe munthu akulowerera. Ganizirani ngati maola oletsedwa aja akuyenera kugwirabe ntchito pa uthenga wotere, ndipo lembani chifukwa cha chisankho chanu. Lembaninso uthenga weniweniwo m'Chichewa, usapitirire masekondi 30 powerenga. Mukatero mmodzi akhale makina, aziwerenga zolembedwa zokha osawonjezera liwu, wina akhale kholo losamva bwino limene lili pa chigayo. Pomwe "makina" asowe chonena, ikanipo chizindikiro chofiira, mubweretse pepalalo Lolemba.